Galimoto Zamagetsi Zoyamba

Ambiri timaganiza kuti galimoto yoyendera magetsi yabwera dzulodzuloli. Sizili conco. Galimotoyi ndi yakale ngati ya petulo. Kuti timvetse mbiri yake, tiyambe ndi batire.

M'caka ca 1800, Alessandro Volta wa ku Italy anapanga batire loyamba. Anasanjikiza timbale ta mkuwa ndi ta zinki. Pakati pake anaika nsalu zonyowetsedwa m'madzi amcere. Magetsi anatuluka. Koma batire lotere likatha mphamvu, linali latha basi.

M'caka ca 1842, Robert Davidson wa ku Scotland anayesa kuyendetsa injini ya sitima ndi mabatire osadzazidwanso. Inayenda pang'onopang'ono, ngati munthu wapansi wokoka phazi. Ndiponso zinki imene inkadyeka m'mabatirewo inali yodula kuposa malasha. Nchitoyo inalekeka.

Zinthu zinasintha mu 1859. Gaston Planté wa ku France anapanga batire la mtovu womizidwa m'madzi a asidi. Batire limeneli likatha, ankalilumikiza ku magetsi n'kulidzazanso. Mu 1881, Camille Faure analikonza kuti lizisunga mphamvu zambiri. Caka comweco, Gustave Trouvé anaika batire ndi kainjini kamagetsi pa njinga ya matayala atatu, nayenda nayo mumsewu wa mu Paris.

Pofika 1897, ku London ndi ku New York kunali galimoto zamagetsi zonyamula anthu pa malipiro. Mu 1899, Camille Jenatzy wa ku Belgium anathamangitsa galimoto yamagetsi makilomita 105 pa ola. Galimoto yoyamba kupitirira makilomita 100 pa ola inali imeneyi, osati ya petulo.

Anthu a m'mizinda ankazikonda galimotozi. Zinalibe utsi, zinalibe phokoso. Galimoto ya petulo inkafuna munthu apukuse citsulo kutsogolo kuti injini ilire. Nthawi zina citsuloco cinkabwerera m'mbuyo n'kuthyola munthu mkono.

Nanga zinazimiririka bwanji? Mabatire a mtovu anali olemera. Sankafika patali. Kuwadzaza kunkatenga maola ambiri. Ndipo kumidzi ya ku America, kumene kunali alimi, kunalibe magetsi. Mlimi akanadzaza kuti batire lake? Petulo ankatha kuunyamula m'cigubu kupita nawo kulikonse.

Mu 1908, Henry Ford anayamba kugulitsa galimoto ya petulo yochipa, dzina lake Model T. Mu 1912, galimoto za Cadillac zinatuluka ndi kacipangizo ka Charles Kettering, koliza injini ndi batire. Kupukusa citsulo kunayamba kutha. Motero batire lomwelo linathandiza galimoto ya petulo kupambana. Pofika ca m'ma 1930, galimoto zamagetsi zinali zitasowa m'misewu.

Koma nzeru ya Planté sinafe. Batire loliza thirakitala kapena lole lero ndi la mtovu ndi asidi. Mu 1991 anthu anayamba kugulitsa mabatire a lithium-ion, opepuka, osunga mphamvu zambiri. Ndi amene anabwezeretsa galimoto zamagetsi pamsewu.

M'mabatire atsopanowa mumalowa mwala wakuda, dzina lake grafite. Ndi mwala womwewo umene uli m'pensulo imene tikulembera. Mu 2017 anayamba kuukumba ku Balama, m'cigawo ca Cabo Delgado. Cuma cimeneci cili m'nthaka ya dziko lathu, ndiye tiyenera kudziwa nchito yake.

Mafunso
1. Batire la Planté linasiyana bwanji ndi la Volta?
2. Cifukwa ciyani alimi sanagule galimoto zamagetsi?
3. Grafite amagwira nchito zanji?