Mbiri ya Lucius Banda, Woyimba wa ku Balaka

Inu okhala m'tsinde mwa Phiri la Dedza: Lero tikambe za munthu amene mau ao munali kuwamva m'mabasi okwera mseu waukulu wochokera ku Balaka, kudzera pa Ntcheu ndi kwanu kuno kunka ku Lilongwe. Munthuyo ndiye a Lucius Banda, amene ambiri ankangowatcha Soja.

Anabadwa pa 17 August 1970 m'mudzi wa Sosola ku Balaka. Kumeneko kunali gulu la oyimba la Alleluya Band, limene linayamba mu 1978 ndi chithandizo cha wansembe wa ku Italy, Bambo Mario Pacifici, ndipo mtsogoleri wake anali a Paul Banda, akulu ao a Luciusyo. Tsono mnyamatayo anaphunzira nchito pa mapazi a mkulu wake, monga achitira mwana wa mmisiri wosula makasu.

Mukatchera khutu bwino pa nyimbo zao, mudzamvamo zinthu zitatu. Gitala imagunda mochedwerako pang'ono, besi ili kulemera pansi: imeneyo ndiyo reggae ya ku Jamaica, imene a Lucky Dube anaifalitsa kwambiri kuno kumwera kwa Africa. Koma mau apamwamba ndi akwathu. Mmodzi atsogola, ena nabvomera, monga momwe achitira amai pa mtondo kapena kwaya ya ku tchalitchi. Chachitatu ndicho kuyimba kodandaula kochokera pansi pa mtima, kumene Amereka akuda amati soul. Anthu ena amati reggae ya ku Balaka njofewa, yosafika pa ya eni ake. Ine nditi kufewako ndiko kunailowetsa m'nyumba za agogo amene sakanamvera za Marasita.

Chimbale chao choyamba, Son of a Poor Man, anakachijambula ku South Africa ndipo chinatuluka mu 1994. Kumbukirani nyengo yake. Pa 14 June 1993 dziko linabvota kuti pakhale zipani zambiri, ngakhale kuti m'Chigawo cha Pakati ochuluka anafuna chipani chimodzi. Kwa zaka makumi atatu woyimba ankayenera kusamala lilime. Tsono nyimbo ya Mabala inatchula poyera zowawa za zaka zimenezo, za anthu omangidwa ndi osowa. M'midzi ina ya kuno ena anakwiya nayo, ena naimvera chamseri, wailesi ataitsitsa mau; koma anaimvera.

Mu 1997 anayambitsa gulu laolao la Zembani Band. Oyimba monga a Billy Kaunda, a Mlaka Maliro ndi mai Wendy Harawa anathandizidwa ndi iwo poyamba nchito yao.

Bvuto linadza pamene woyimba analowa ndale. Mu 2004 anasankhidwa kukhala phungu wa Nyumba ya Malamulo wa Balaka North m'chipani cha UDF. Mu 2006 bwalo la milandu linawapeza olakwa pa nkhani ya setifiketi ya sukulu, nawalamula kukhala m'ndende miyezi 21. Mpando unawachoka. Anakhala ku ndende ya Zomba miyezi yowerengeka, natuluka atachita apilo, ndipo chimbale cha Cell 51 Maximum chinatenga dzina lake m'menemo. Apa anthu anagawikana. Ena anati Soja wa amphawi sakanayenera kubvala nsaru ya chipani. Ena anati anangobvutika chifukwa cha pakamwa pao. Mu 2010 wailesi ya MBC inaleka kuulutsa nyimbo za chimbale chao cha 15-15, koma m'misika ndi m'mabasi zinalirabe.

Anabwerera ku Nyumba ya Malamulo mu 2014, nagwa pa chisankho cha 2019. Pambuyo pake anakhala mlangizi wa Pulezidenti Lazarus Chakwera pa za achinyamata ndi luso. Atadwala impso nthawi yaitali, anamwalira ku Johannesburg pa 30 June 2024 ali ndi zaka 53, ndipo anaikidwa m'manda kwao ku Balaka.