KUCOKERA KU MWABVI KUFIKIRA KU MAGETSI

Kuyambira kale anthu akhala akufunafuna njira yoturutsira coonadi mwa munthu wokana mlandu. M'midzi ya kuno ku Chipangali, monganso m'dziko lonse la Acewa, makolo athu anakhulupirira mwabvi. Mapondera ankasinja khungwa la mtengowo, nalibviika m'madzi, namwetsa woganiziridwayo. Wosanza ankayesedwa wosalakwa, koma wakufa ankachedwa mfiti. Lero tidziwa kuti khungwalo liri ndi ululu woimitsa mtima, ndi kuti kusanza kapena kufa kunatsata ukali wa mankhwala, osati mlandu ai. Boma linaletsa mwabvi ku Nyasaland m'caka ca 1911, ndi ku Northern Rhodesia m'caka ca 1914.

Koma cilakolakoco sicinathe. M'zaka za 1933 ndi 1934 anthu a Mcape, ocokera ku Nyasaland, anayendayenda m'dziko lino atanyamula akalirole, nanena kuti momwemo aona wobisa zoipa. Azungu nawonso anali pa ulendo womwewo, pakuti m'caka ca 1921 John Larson wa ku California anakonza makina oyesa kugunda kwa mtima ndi kupuma kwa munthu pofunsidwa. Tsoka lace nlakuti makinawo agwira mantha, ndipo mantha agwera wolungama ndi wonama yemwe.

Masiku ano anzeru ayesa kusintha wonamayo, osati kungomgwira. M'caka ca 2017 a pa Yunivesite ya Zurich analengeza zimene anapeza mwa ophunzira 145. Yense anaponya dayisi mseri, nanena yekha nambala imene yaturuka, ndipo manambala ena anali ndi mphotho ya ndarama. Ena anawapititsa magetsi ofooka kutsogolo kwa ubongo, mbali ya kumanja, ndipo mwa iwowa cinyengo cinacepa koposa theka. Komatu aja amene anatsimikiza mtima kunama nthawi zonse sanasinthike konse. Magetsi anangothandiza iwo amene cikumbumtima cao cinali kulimbana kale ndi dyera.

Aphunzitsi anzathu, phunziro lathu liri pamenepa. Khungwa, kalirole ndi magetsi sizingabzale cikumbumtima pamene palibe. Mwana woulula yekha kuti waba coko kapena waonera mayeso tisamkalipire koposa uja wabisa, pakuti tikatero timphunzitsa kuti bodza lipulumutsa. Kuongola mtengo ndi uli waung'ono, ndipo nchito imeneyi yatsala m'manja mwa makolo ndi mwathu.