Langa ndi Kachilombo ka Pakhosi: Mbiri ya Nthenda ya Mtima

Mbiri ya Langa ndi yolukanalukana ndi mbiri ya matenda. Mliri wa makoswe utabuka ku Cape Town mu 1901, boma la atsamunda lidasamutsa anthu akuda mumzinda n'kuwaika ku Ndabeni. Mu 1927 lidatsegula Langa, ndipo ambiri a ku Ndabeni adakankhidwira kumeneko. Ngakhale akuluakulu ankanena kuti akuteteza umoyo wa anthu, nyumba zopanikizana ndi mahositelo odzaza amuna ogwira ntchito zidasanduka nthaka yachonde ya kachilombo kofala ndi malovu ndi mpweya, kotchedwa Streptococcus pyogenes.

Kachilomboka kamayamba ndi zilonda zapakhosi, zimene makolo ambiri amaziona ngati nthenda yachabe. Mu 1928, Rebecca Lancefield wa ku New York adafotokoza za puloteni M imene imakuta kachilomboka n'kukateteza kwa asilikali a m'magazi, ndipo mu 1933 adagawa tizilombo ta mtunduwu m'magulu. Ka pakhosi aka kadagwera m'gulu A. Pambuyo pake zidadziwika kuti puloteniyi imapangidwa motsata chidutswa cha DNA chotchedwa emm, chimene chili ndi mitundu yoposa 200. Monga chiyankhulo chimodzi chimakhala ndi nthambi zimene eni ake sangamvane msanga, thupi limene lidaphunzira kuzindikira mtundu umodzi limadabwa likakumana ndi wina. Ichi ndicho chifukwa mwana amadwala pakhosi mobwerezabwereza.

Kusiyanaku kumakhudzanso poizoni. Mu 1924, George ndi Gladys Dick a ku Chicago adaonetsa kuti zidzolo za nthenda ya scarlet fever zimabwera ndi poizoni wa kachilomboka. Malangizo opangira ena mwa mapoizoni amenewa amanyamulidwa ndi mavairasi olowa m'mabakiteriya, motero tizilombo tiwiri ta gulu limodzi tingathe kusiyana ukali. Mu 2019, akatswiri a ku London adalengeza za mtundu wa M1UK, umene umatulutsa poizoni wa SpeA wochuluka kuposa kholo lake.

Koma ngozi yaikulu kwa ana a mu Africa ndi ina. Zigawo zina za puloteni M zimafanana ndi mapuloteni a mumtima wa munthu. Chitetezo cha m'thupi chikalusa, chimakantha mdani pamodzi ndi mwini nyumba, ndipo zitseko za mtima zimatsala ndi zipsera. Iyi ndiyo nthenda ya mtima ya rheumatic. Kuyambira mu 1950 zidali zodziwika kuti penisilini woperekedwa msanga amapewetsa tsokali, ndipo m'mayiko olemera nthendayi idazilala. M'malo a umphawi ndi kuthithikana idatsalira.

Pulofesa Bongani Mayosi wa ku yunivesite ya Cape Town ndi chipatala cha Groote Schuur adatsogolera ntchito yoitulutsira poyera. Gulu lake lidasankha Langa ndi Bonteheuwel, madera oyandikana amene tsankho lidawalekanitsa potengera khungu, koma amatumikiridwa ndi chipatala chimodzi cha Vanguard. Zotsatira zimene Mark Engel ndi anzake adafalitsa mu 2014 zidaonetsa kuti mwa ana odwala pakhosi, pafupifupi mmodzi mwa asanu adali ndi kachilombo ka gulu A, ndipo padapezeka mitundu 26 ya emm. Katemera woyeserera wa mitundu 30, amene adakonzedwa potsata kwambiri tizilombo ta ku America ndi ku Ulaya, adapezeka kuti sakadafikira mitundu yonse ya kumeneko. Mu 2015 gululi lidalengeza kuti litaunika mitima ya ana asukulu ooneka athanzi, lidapeza nthendayi yochuluka ku Langa kuposa ku Bonteheuwel.

Mayosi adamwalira mu 2018, chaka chimene msonkhano waukulu wa bungwe la WHO udavomereza chigamulo cholimbana ndi nthendayi. Phunziro la Langa ndi lapawiri. Katemera amene angathandize mwana wa ku Ndirande kapena ku Matero ayenera kumangidwa pa mitundu ya tizilombo imene ikuzungulira kwawo komweko, ndipo izi zimafuna kuti mayiko athu aziyeza ndi kulemba mitunduyo. Koma kachilombo sikasankha kokha khomo lolowera: chiwerengero cha anthu ogona chipinda chimodzi ku Langa chidakhazikitsidwa ndi malamulo a anthu.