Shemu Joyah: woyeza malo amene anayeza moyo wathu

Ife a ku Domasi Mission timadziwa mbiri ya tchalitchi chathu ndi amishonale a ku Scotland, koma mukatifunsa kuti filimu ya ku Malawi inachokera kuti, timangoyang'anana. Ndiye lero ndikambe za a Charles Shemu Joyah.

Choyamba kumbukirani kumene tikuchokera. Nthawi ya Kamuzu kunalibe wailesi ya kanema. TVM inayamba mu 1999. Lamulo la Censorship la 1968 linkasefa mabuku, masewero ndi mafilimu omwe. Mwana wokulira m'dziko lotere akanaphunzira kuti kugwira kamera? A Joyah nawo ntchito yawo inali yoyeza malo. Filimu anaiyamba ali munthu wamkulu kale, kudzera ku kampani yawo ya FirstDawn Arts.

Yoyamba inali Seasons of a Life: mtsikana wantchito apatsidwa mimba ndi bwana wake, asiya mwana kuti apitirize sukulu, kenako abwerera kudzamutenga. Inakapata ulemu ku Zanzibar mu 2009. Mu 2012 kunabwera The Last Fishing Boat, ya msodzi wa ku Mangochi amene nsomba zikumuthera pomwe alendo odzaona nyanja akuchuluka. A Hope Chisanu ndi a Flora Suya anasewera mmenemo. The Road to Sunrise ya 2017 ikukamba za amayi awiri oyendayenda mu Blantyre. Mu 2018 inapambana mphotho ya AMVCA ku Lagos ngati filimu yabwino kwambiri ya kum'mwera kwa Africa, ndipo ndi yoyamba imene Malawi anatumiza ku mpikisano wa Oscars.

Chimene chimandigwira mtima n'chakuti bamboyu amaloza kamera pa anthu amene timawadutsa osawapatsa moni: wantchito, msodzi, mayi wa pabala. Satiuza kuti uyu ndi woipa, uyu ndi wabwino. Amangotionetsa, basi, manyazi n'kutigwira tokha.

Koma amwene, nali vuto. M'mavidiyo shoo athu muli za ku Nigeria ndi za karate zomasuliridwa m'Chichewa, pomwe za a Joyah ambiri tinangozimva dzina. Ku Lagos anaombera m'manja, kwathu kuno zii. Tikapanda kuzifunafuna ndi kuzilipira ife eni ake, amene akubwera pambuyo pawo adzaitenga kuti ndalama ya filimu yotsatira?