Ascension: Chilumba Chimene Anachilemba Ngati Sitima

Pakati pa nyanja yamchere ya Atlantic, makilomita pafupifupi 1,600 kuchokera kugombe la Africa ndi opitirira 2,200 kuchokera ku Brazil, pali chilumba cha Ascension. Kukula kwake ndi masikweya kilomita 88, ndiye kuti Likoma angalowemo pafupifupi kasanu. Chilumbachi ndi nsonga ya phiri lophulika lomwe linatuphuka kuchokera pansi pa nyanja, ndipo mbali yaikulu ndi miyala yakuda ya chiphalaphala chouma ndi timapiri tofiira ta phulusa. Mbiri ya malo ambiri imayamba ndi anthu amene anafika n'kumanga mudzi. Ya Ascension ndi yosiyana, chifukwa palibe amene anachifunapo chifukwa cha nthaka yake. Chimene maboma akhala akuchifuna ndi pamene chilumbachi chili, ndipo mitengo, nyama ngakhalenso anthu amene ali pamenepo lero anabweretsedwa kuti atumikire zolinga za maiko akutali.

Apwitikizi ndi amene anayamba kuchiona cha m'ma 1501, ndipo dzina limene chili nalo linachokera kwa Afonso de Albuquerque, yemwe anadutsapo mu 1503 pa tsiku lokumbukira kukwera kumwamba kwa Yesu. Kwa zaka 300 zotsatira palibe dziko limene linachilabadira, ndipo chifukwa chake chinali madzi. Amalinyero ankangoima kuti agwire akamba a m'nyanja ndi mbalame, basi n'kumapita. William Dampier ndi anthu ake anapulumuka sitima yawo Roebuck itamira mu 1701 chifukwa anapeza kasupe kuphiri. Leendert Hasenbosch wa ku Netherlands, amene anzake anamusiya pamenepo ngati chilango mu 1725, analibe mwayi woterewo. Buku lake limene linapezeka pambuyo pake limafotokoza za ludzu kufikira pamene zolemba zinathera.

Zinthu zinasintha mu 1815, Angerezi atatsekera Napoleon pa chilumba cha St Helena, makilomita pafupifupi 1,300 kummwera chakummawa. Poopa kuti Afalansa angabisale pa Ascension n'kukamuthawitsa, anaikapo asilikali mu October chaka chomwecho. Apa m'pamene panachitika chinthu chimene chimafotokoza zonse zotsatira: m'mabuku a gulu lankhondo lapamadzi la Britain, chilumbachi chinalembedwa ngati sitima, HMS Ascension. Amene ankakhalapo ankatsata malamulo a m'sitima ndi kulandira chakudya chopimidwa, ndipo mkulu wawo anali kaputeni. Napoleon anamwalira mu 1821, koma ntchito ina inali itapezeka kale. Sitima zimene zinkasaka ogulitsa akapolo kugombe la kumadzulo kwa Africa zinkadzatenga katundu ku Georgetown, tauni ya pachilumbachi, ndipo zikagwidwa ndi mliri wa yellow fever zinkasiya odwala pa kagombe kena komwe tsopano kamatchedwa Comfortless Cove. Manda awo alipobe pakati pa miyalayo.

Asilikali amafuna madzi ndi ndiwo, ndipo apa m'pamene nkhani ya Green Mountain, phiri lotalika mamita 859, imayambira. Charles Darwin atafika mu 1836 anaona malo opanda mitengo. Mnzake Joseph Hooker, katswiri wa zomera amene anafika mu 1843, analangiza kuti pamwamba pa phirilo padzalidwe mitengo yoti izikola chifunga chochokera kunyanja, madzi azidontha n'kulowa m'nthaka. Kuyambira cha m'ma 1847 sitima zinayamba kututa mbewu ndi mbande kuchokera kumunda wa Kew ku London komanso kumaiko ena. Pofika m'ma 1870 phirilo linali ndi bulugamu, nsungwi, nthochi ndi mitengo ya paini ya ku Norfolk Island, yomwe amati inadzalidwa kuti idzakhale milongoti ya sitima. Lero munthu amachoka pamiyala yotentha m'munsi n'kulowa m'nkhalango yonyowa pamwamba, ya zomera zimene kwina kulikonse sizinameranepo pamodzi.

Ena amati nkhalangoyi ikutsutsa ganizo lakuti chilumbachi changogwiritsidwa ntchito, chifukwa munthu anapatsa moyo malo amene analibe. Zoona, nkhalango ilipo, ndipo mu 2005 inasanduka malo otetezedwa. Koma phirilo silinali lopanda kanthu. Linali ndi tizomera take ta mtundu wa fern tomwe sitipezeka kwina padziko lapansi, ndipo zomera zachilendo zinatiphimba; Hooker mwiniwake atakalamba ankadandaula nazo. Kamodzi mwa tizomerato anthu ankayesa kuti kanatheratu mpaka pamene kanapezekanso mu 2009 pathanthwe lovuta kufikapo. Nkhani ya amphaka ndi yomvetsa chisoni kuposa apa. Anabweretsedwa nthawi ya asilikali oyamba kuti azigwira makoswe, koma iwo anaona kuti anapiye a mbalame za m'nyanja ndi osavuta. Mbalame zambiri zinathawira pa kathanthwe ka Boatswain Bird Island, komwe mphaka sakanafika. Ntchito yopha amphaka akutchire inayamba mu 2002, ndipo mbalame yotchedwa Ascension frigatebird inaikiranso mazira pachilumba chachikulu mu 2012, patapita zaka zoposa 150. Kukonza kumeneku n'koyamikirika, koma ndi kubweza ngongole. Akamba nawonso achira: amasambira kuchokera ku Brazil kudzaikira mazira mumchenga, ndipo chiwerengero chawo chakwera chilekere anthu kuwasunga m'maiwe a ku Georgetown podikira mpeni.

Sitima zoyendera malasha zitachuluka komanso ngalande ya Suez itatsegulidwa mu 1869, Ascension akanaiwalika. Chinamupulumutsa ndi nthambo. Mu 1899, nkhondo ya Angerezi ndi Mabunu itayamba ku South Africa, kampani ya Eastern Telegraph inayala nthambo ya telegalafu pansi pa nyanja kuchokera ku Cape Town kudzera ku St Helena mpaka pa Ascension. Asilikali apamadzi atachoka mu 1922, chilumbachi chinaikidwa pansi pa St Helena, koma woyendetsa zinthu tsiku ndi tsiku anali bwana wa kampaniyo, yomwe pambuyo pake inatchedwa Cable and Wireless, mpaka mu 1964. Kaputeni anangosinthana mpando ndi manijala.

Nkhondo yachiwiri yapadziko lonse inabweretsa Amereka. Mu 1942 anaphwanya miyala n'kumanga bwalo la ndege la Wideawake, dzina la mbalame zaphokoso zomwe zimaswana pafupi ndipo zinkasokoneza ndege pouluka. Ndege zankhondo za nthawiyo zambiri sizikanatha kuoloka Atlantic ulendo umodzi, choncho zinkanyamuka ku Brazil, kumwa mafuta pa Ascension, n'kupitirira ku Africa. Zoposa 25,000 zinadutsa pamenepo. Amereka anachoka mu 1947 n'kubwerera m'ma 1950 kudzayang'anira mizinga imene ankaiyesa kuchokera ku Florida. Kenako kunabwera NASA ndi siteshoni yothandiza maulendo a Apollo, BBC mu 1966 ndi milongoti youlutsira mawu ku Africa ndi ku South America, ndiponso umodzi mwa milongoti ya GPS. Mu 1982, Argentina italanda zilumba za Falkland, Britain inalibe poponda pena paliponse pafupi kupatula Ascension. Sitima zinkasonkhana pamenepo, ndipo pa 1 May ndege ya Vulcan imene inanyamuka ku Wideawake inaponya mabomba pabwalo la ndege la ku Stanley, mtunda wopitirira makilomita 6,000, ikumwetsedwa mafuta m'mlengalenga ndi ndege za Victor. N'zovuta kuona mmene Britain ikanamenyera nkhondoyo popanda chilumbachi.

Nanga anthu? Alipo pafupifupi 800, ambiri mwa iwo ochokera ku St Helena, ena a ku Britain ndi ku America. Ku Two Boats kuli sukulu, ku Georgetown kuli tchalitchi ndi chipatala, abulu akutchire amayendayenda m'misewu, ndipo madzi akumwa amachokera kunyanja atachotsedwa mchere. Mabanja ena akhalapo mibadwo ingapo. Komabe palibe ndi mmodzi yemwe amene ali ndi ufulu wokhazikika. Munthu amakhalapo chifukwa cha kontirakiti ya ntchito, yake kapena ya amene akumusunga. Ntchito ikatha kapena akapuma, amanyamuka. Mwana wobadwira pomwepo akakula ayenera kupeza ntchito, apo ayi achoke.

Boma la Britain lili ndi yankho lake, ndipo si lopanda nzeru: chilumba chopanda ulimi wokwanira, chodalira sitima ndi ndege pa chilichonse, sichingasamale okalamba ndi osagwira ntchito popanda ndalama za okhometsa msonkho ku Britain. Bwalo la ndege litawonongeka mu 2017, ndege zazikulu zinasiya kutera kwa zaka zingapo, ndipo kudalira kumeneku kunaonekera poyera. Koma mfundo ya ndalama siikwana, pakuti St Helena ndi Tristan da Cunha nazonso zimadalira thandizo, koma anthu ake ndi eni nthaka. Kusiyana kwake n'kwakuti pa Ascension pali bwalo la asilikali, ndipo anthu okhazikika amakhala ndi mawu pa zimene zikuchitika pakhomo pawo. Britain inaphunzira zimenezi ku chilumba cha Diego Garcia, kumene anthu amene anasamutsidwa kuti pamangidwe malo a asilikali a America akhala akuikokera kukhoti kwa zaka zambiri. Chimene chinapweteka anthu a pa Ascension n'chakuti anayamba apatsidwa chiyembekezo. Mu 2002 anayamba kukhoma msonkho ndipo anasankha khonsolo yawo yoyamba, akuyembekeza kuti ufulu wokhazikika ndi wogula malo ukubwera. Patangopita zaka zochepa London inanena poyera kuti zimenezo sizichitika, ndipo mu 2007 makhansala ambiri anatula pansi udindo.