Kutakasa ubongo ndi magetsi kapena maginito

Kutakasa ubongo ndi magetsi kapena maginito ndi njira yosinthira kagwiridwe ka ntchito ka maselo a ubongo popanda kuchita opaleshoni. Chipangizo chimaikidwa pamutu, ndipo mphamvu yake imadutsa khungu ndi chigaza mpaka kufika pamwamba pa ubongo. Madokotala amagwiritsa ntchito njirayi pochiza matenda ena a maganizo, pomwe akatswiri a kafukufuku amaiyesa pofuna kuona ngati ingathandize munthu kukumbukira.

Mbiri

Cha m'ma 47 AD, dokotala wa ku Roma, Scribonius Largus, analemba kuti mutu waukulu ungachizidwe poika pamutu nsomba yamoyo yokhala ndi magetsi. Nsomba ina ya mphamvu yotere, nyesi, imapezeka kumunsi kwa mtsinje wa Shire ndi mu Zambezi.

Mu 1985, Anthony Barker ndi anzake a ku Sheffield, England, anaonetsa makina oyamba a TMS. Mu 2000, Michael Nitsche ndi Walter Paulus a ku Göttingen, Germany, anaonetsa kuti magetsi ofooka kwambiri amatha kusintha mmene maselo a ubongo amayankhira.

Mitundu yake

TMS imagwiritsa ntchito waya wokulungidwa amene amatulutsa mphamvu ya maginito mwachidule. Mphamvuyo imayambitsa magetsi mu ubongo ndi kudzutsa maselo. Mu 2008, bungwe la FDA ku United States linavomereza TMS pochiza matenda okhumudwa.

tDCS imadutsitsa magetsi ochepa, kawirikawiri 1 mpaka 2 mA, kwa mphindi pafupifupi 20, kudzera pa tiziwiya tiwiri tonyowetsedwa ndi madzi amchere. Siidzutsa maselo mwachindunji, koma imawachititsa kudzuka msanga kapena mochedwa.

tACS ndi yofanana ndi tDCS, koma magetsi ake amasinthasintha mbali motsatira mafunde a ubongo.

Kukumbukira kwa kanthawi

Kukumbukira kumene asayansi amakutcha working memory ndiko kusunga zinthu zochepa m'mutu kwa masekondi angapo uku ukuzigwiritsa ntchito. Wogulitsa tomato amene akuwerengera chenji pamtima, kapena mwana wa sukulu amene akusunga nambala pochita samu yochotsera, amadalira kukumbukira kumeneku. Alan Baddeley ndi Graham Hitch anakufotokoza mu 1974. Mu 2001, Nelson Cowan ananena kuti munthu amasunga zinthu pafupifupi 4 zokha nthawi imodzi.

Ntchitoyi siichitika pamalo amodzi. Mbali ya ubongo ya kuseri kwa mphumi imalumikizana ndi mbali za pamwamba chakumbuyo ndi za m'mbali mwa mutu, ndipo uthenga umayenda bwino mafunde a mbalizi akamagunda pamodzi, monga ng'oma zogwirizana pa gule. N'chifukwa chake kutakasa malo amodzi kumakhudzanso malo ena akutali olumikizana nawo.

Zimene kafukufuku wapeza

Mu 2019, Robert Reinhart ndi John Nguyen a ku Boston University anagwiritsa ntchito tACS kwa mphindi 25 pa anthu a zaka 60 mpaka 76. Mafunde a mbali ziwiri za ubongo anayamba kugwirizana, ndipo okalambawo anakhoza mayeso okumbukira mofanana ndi achinyamata kwa mphindi zosachepera 50.

Koma zotsatira sizifanana paliponse. Mu 2015, Jared Horvath ndi anzake anaunika kafukufuku wambiri wa tDCS ndipo sanapeze umboni wodalirika wakuti kutakasa kamodzi kumanola nzeru za munthu wabwinobwino. Kukhuthala kwa chigaza, zaka za munthu ndi malo oikapo chipangizo zonse zimasintha zotsatira.

Ku Malawi

Odwala matenda aakulu a maganizo a ku Machinga ndi Balaka amayamba kuthandizidwa kuzipatala za boma za ku Liwonde ndi Balaka, ndipo ofunika chithandizo chapadera amatumizidwa ku Zomba Mental Hospital. Chipatalachi chakhala chikugwiritsa ntchito ECT, njira imene Ugo Cerletti ndi Lucio Bini anayamba ku Rome mu 1938. ECT ndi yosiyana ndi njira zili pamwambazi: magetsi ake ndi amphamvu ndipo cholinga chake ndi kuyambitsa kukomoka kwa kanthawi. Imathandiza odwala okhumudwa kwambiri, koma ambiri amaiwalaiwala kwa masiku kapena milungu ingapo.

Kuopsa kwake

tDCS imayabwitsa kapena kufiiritsa khungu. TMS imatha kupweteketsa mutu, ndipo mwa apo ndi apo imayambitsa kukomoka. Pa chifukwa chimenechi, munthu wa khunyu kapena amene ali ndi chitsulo m'mutu amafunika kuunikidwa kaye ndi dokotala. Akatswiri amaletsanso kudzitakasa wekha kunyumba ndi zipangizo zogula pa intaneti, makamaka kwa ana, amene ubongo wawo ukukulabe.