Bengaluru ndi Chuma cha Makompyuta

Bengaluru, mzinda umene kufikira chaka cha 2014 unkalembedwa kuti Bangalore, ndiwo likulu la chigawo cha Karnataka kummwera kwa India, ndiponso phata la ntchito yolemba mapulogalamu a makompyuta m'dziko lonselo. Mzindawu uli pamtunda wokwera mamita pafupifupi 900, kumene kulibe kutentha koopsa kwa m'zigwa, ndipo pa kalembera wa 2011 munapezeka anthu oposa 8 miliyoni.

Yense wofuna kumvetsa chuma cha mzindawu ayenera kuyamba wakumbukira kuti tsokonombwe anatha mtunda ndi kudumpha, pakuti amene akukolola lero sindiwo anafesa. M'chaka cha 1909 munakhazikitsidwa sukulu ya ukachenjede ya Indian Institute of Science, monga mwa khumbo la munthu wamalonda Jamsetji Tata, pa malo amene mfumu ya Mysore inapereka. Pambuyo pake panadza fakitale ya ndege ya Hindustan Aircraft mu 1940, ya matelefoni mu 1948, ndi Bharat Electronics mu 1954, kotero kuti makompyuta asanafike nkomwe, mzindawu unali utadzala kale ndi akatswiri a zamagetsi ndi ana awo ophunzira.

Nthaka itakonzeka chotero, kampani ya Infosys, imene N. R. Narayana Murthy ndi anzake anaiyambitsa ku Pune mu 1981, inasamukira ku Bengaluru mu 1983. Ndipo mu 1985 Texas Instruments ya ku America inatsegula nthambi yake, chimbale chake cha setilaiti chitanyamulidwa pangolo ya ng'ombe. Boma la India litamasula malamulo a zamalonda mu 1991, makampani a ku Ulaya ndi ku America, poona kuti ntchito imene kwawo imadya ndalama zambiri ingathe kugwiridwa mumzindawu pa mtengo wotsika ndi kutumizidwa tsiku lomwelo, anayamba kupereka maoda kwa Infosys, Wipro ndi ena. Madera a Electronic City ndi Whitefield anakula chifukwa cha ntchitoyi, ndipo malipiro a olemba mapulogalamu ndiwo amadyetsanso omanga nyumba, oyendetsa galimoto ndi ophika. Flipkart, imene inayamba mu 2007 pogulitsa mabuku pa intaneti, inabadwira momwemu.

Komabe chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Popeza mzindawu ulibe mtsinje waukulu, madzi ake ambiri amapopedwa chokwera kuchokera ku mtsinje wa Kaveri, mtunda wa makilomita pafupifupi 100. Nyanja zing'onozing'ono zimene makolo anakumba kuti zisunge madzi a mvula, zambiri zinakwiriridwa ndi omanga, ndipo ya Bellandur inaipa mpaka kuchita thovu ndi kuyaka moto. Mu 2024 zitsime zambiri zinaphwa, anthu ambiri nayamba kudalira madzi ogula a m'mathanki. Eni makampani ndi akuluakulu a mzinda ali nawo tsopano udindo umene Tata anausenza m'masiku ake, wosamalira mbadwo umene sunabadwe, ndipo udindowo ukuyambira pa madzi.